Ulendo wa ku Nkhalango ya Udzungwa

Mwana wobadwira ku Songwe akhoza kukula osaona njanje, pakuti njanje za dziko la Malawi zili kutali, ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma sitima ya pamtunda ili pafupi koposa m'mene ambiri ayesera. Mtsinje wa Songwe ndiwo malire a Malawi ndi Tanzania, ndipo munthu akaoloka mlatho, nakwera basi ku Kasumulu, afika tsiku lomwelo ku Mbeya, kumene ipita njanje ya TAZARA.

Njanje imeneyi inamangidwa kuyambira 1970 kufikira 1975, ndi thandizo la dziko la China, kuti mkuwa wa ku Zambia upeze njira ya ku nyanja yamchere. Ichokera ku Dar es Salaam nilekeza ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita 1,860. Pakati pa Mbeya ndi Dar es Salaam ipita m'tsinde mwa mapiri a Udzungwa, amene ali ndi nkhalango yokongola ndi yakalekale. Wofuna kuiona atsikira pa siteshoni ya Mang'ula. Ulendowu suli wovuta, koma ulaka munthu wonyamuka mosakonzeka.

Choyamba ndi pasipoti. Kachikalata kamene anthu a m'malire aolokera nako kukagula zinthu ku msika wa tsidya sikakwanira ulendo wautali wotere. Ndalama nazonso zisintha pa mlatho: makwacha sagula tikiti ku Mbeya, kufunika mashilingi. Wanzeru asinthitsa pa malo ovomerezeka, nawerenga ndalama zake modekha asanachoke pa zenera. Nyengo yabwino ndi yachilimwe, kuyambira June kufikira October, chifukwa mu March, April ndi May mvula ya ku Udzungwa ichuluka, ndipo njira za m'phiri ziterera.

Chimene chisokoneza alendo koposa zonse ndi nthawi. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo pa wotchi ya ku Malawi ndi ora limodzi. Pamene ku Songwe ili 8 koloko, ku Kasumulu ili 9 koloko, ngakhale dzuwa ndi lomwelo, ndipo tambala wa tsidya lino amveka tsidya lija. Tsono woiwala kukonza wotchi yake pa mlatho achedwa ndi ora lathunthu osadziwa. Palinso msampha wina woposa uwu. M'Chiswahili maora awerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa, kotero kuti 7 koloko m'mawa ndiyo ora loyamba, saa moja. Kalaliki wa pa siteshoni akati sitima inyamuka saa nane, ndiko kuti ora lachisanu ndi chitatu, satanthauza 8 koloko ayi, koma 2 koloko masana. Lamulo lake n'lapafupi: pa nambala imene wamva, awonjezepo 6 kapena achotsepo 6. Kuwerenga kumeneku sikuli kopusa konse. M'dziko limene dzuwa lituluka pafupifupi nthawi imodzi chaka chonse, n'koyenera ndithu kuyamba tsiku m'mawa, osati pakati pa usiku anthu ali mtulo. Komabe mlendo apemphe kuti amlembere tsiku ndi ora pa pepala, pakuti sitima ya anthu siyenda tsiku ndi tsiku, ndipo woiphonya adikira masiku, akudya ndalama za ulendo m'nyumba ya alendo.

Msewu wa ku Mbeya ndi wa makilomita oposa 100, ndipo ukwera pafupifupi njira yonse. Upita pa Tukuyu, boma limene Ajeremani analitcha Neu Langenburg, pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi, pansi pa phiri la Rungwe, kumene amishoni a Moravian anamanga mishoni yawo mu 1891. Anthu a kumeneko ndi Anyakyusa, abale a Angonde, ndipo munthu wa ku Songwe amvana nawo bwino. Mbeya ili pamtunda wa mamita ngati 1,700, pamene nyanja ya Malawi siifika ndi 500 omwe. Wozolowera kutentha kwa ku Karonga atenge bulangete ndi jekete. Mu June ndi July chisanu cha kumeneko sichimvera chisoni.

Siteshoni ili kunja kwa mzinda pang'ono. Nkwabwino kufika tsiku limodzi kapena awiri sitima isanabwere, kuti tikiti igulidwe malo asanathe, ndi kufunsitsa ngati sitima ya tsikulo iima pa Mang'ula. M'kalasi yoyamba chipinda chili ndi mabedi 4, m'yachiwiri 6, ndipo yachitatu ndi ya mipando yokha. Amuna ndi akazi agona zipinda zosiyana, pokhapokha banja litalipira chipinda chonse. Sitimayi ichedwa kawirikawiri, nthawi zina maora ambiri, motero kamba wa pa njira asachepe: madzi akumwa, nthochi, mtedza wokazinga ndi chinangwa chophika.

Kuchokera ku Mbeya njanje iloza kum'mawa kufikira ku Makambako, ndipo pamenepo iyamba kutsika kunka ku Mlimba. Apa ndi pamene omanga anavutika koposa. Anaboola mapiri, namanga milatho yaitali pamwamba pa zigwa zakuya, ndipo sitima ingoti kulowa mumdima, kutuluka, kulowanso. Ikatsika ifika m'chigwa chachikulu cha Kilombero, chotentha ndi cha madambo a mpunga monga kwa Kyungu. Dzina la chigwachi mwana aliyense wa ku Karonga alidziwa, pakuti ndilo dzina la mpunga wonunkhira umene makolo ake alima. Udzudzu nawonso ndi wochuluka monga kwawo, choncho masikito asatsale. Kupitirira tauni ya Ifakara ndiye Mang'ula.

Boma la Tanzania linapatula mapiri a Udzungwa mu 1992 kuti akhale malo osungira zachilengedwe, a makilomita 1,990 m'bwalo lake lonse. M'katimo mulibe misewu ya galimoto. Mlendo alipira pa chipata, napatsidwa womtsogolera, nayenda pansi. Mitengo ndi yaitali, yokutidwa ndi zilambe, ndipo pansi pake pali mthunzi ndi chinyezi ngakhale masana. Atakwera maora angapo afika pa mathithi a Sanje, pamene madzi agwa mamita 170, ndipo ataima pamwamba pake aona minda ya nzimbe ndi mpunga ya m'chigwa itayalidwa ngati mphasa.

M'nkhalangomo muli apusi a mitundu imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mtundu wina, wotchedwa ndi dzina la Sanje, akatswiri a nyama anayamba kuudziwa mu 1979. Palinso mtundu wa kipunji, umene supezeka ku Udzungwa kokha: unalembedwa m'mabuku mu 2005, utapezeka ku Rungwe ndi ku Udzungwa. Koma alenje a ku Rungwe anaudziwa kale, ndipo dzinalo ndi lawo. Nyama zimenezi ndi zamanyazi. Aziona ndi iye amene ayenda mwakachetechete, osati gulu la phokoso.

Asanalowe m'nkhalango, mlendo ayambe wafunsa pa siteshoni ya Mang'ula tsiku limene sitima yobwerera ku Mbeya idzapita, napatule ndalama ya tikiti ndi ya basi ya ku Kasumulu, naimange pa yokha. Pooloka mlatho wa Songwe abweze wotchi yake m'mbuyo ndi ora limodzi.