Malangizo: Tizilombo Tosaoneka ndi Maso



Madzi a pachitsime angaoneke oyera mbee, koma m'menemo mukhoza kukhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboti tilipo tamitundumitundu, ngakhale si tonse tokhala m'madzi: mabakiteriya oyambitsa kolera ndi chifuwa chachikulu, mavairasi oyambitsa chimfine ndi chikuku, komanso tizilombo ta malungo tobwera ndi udzudzu.

Kachilombo ka kolera kamachokera m'chimbudzi cha wodwala n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya. Kakafika m'matumbo, kamaswana n'kutulutsa poizoni wochititsa munthu kutsegula m'mimba madzi okhaokha, moti angafe tsiku lomwelo. Mliri womwe unayambira ku Lusaka mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700.

Tsono amayi ndi abambo, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini. Pochokera kuchimbudzi sambani m'manja ndi sopo. Nsima ikafika, thiranani madzi ndi kapu, osapisa manja nonse m'beseni limodzi. Mwana akatsegula m'mimba, m'mwetseni ORS, thamangani naye kukiliniki. Ndipo musamagule makapusozi pamsika chifukwa cha chimfine, mankhwala amenewo sapha mavairasi.