Kalata Yokayezetsa Khansa Ikupita ku Adiresi Iti?

Achemwali a ku UK, musanawerengere mashifiti a mwezi wamawa, dzifunseni kuti a GP anu ali ndi adiresi iti. A NHS akamaitana amayi kokayezetsa khansa amatsatira adiresi ndi nambala ya foni zimene zili kwa GP, osati kumene mukugona lero. Ife osamalira okalamba timasamukasamuka: chaka chino Luton, chaka chamawa Leicester. Kalata imakagwera pakhomo lakale, n'kuunjikana ndi mapepala otsatsa pitsa, mwini nyumba n'kusesera kudzala. Ndamvapo amayi akudandaula kuti "ine sanandiitanepo", chikhalirecho anaitanidwa kalekale.

Za khomo la chiberekero amaitana kuyambira zaka 25 mpaka 64. Namwino amatengako timadzi pakhomopo ndi kaburashi, mphindi zochepa chabe, n'kukafufuza kachilombo ka HPV kamene kamayambitsa pafupifupi khansa yonse ya pamenepa. Ku England, kuyambira Julaye 2025, amene sanapezeke nako amadikira zaka 5 asanaitanidwenso. Zaka 5 si masewera. Mukaphonya ulendo umodzi, mpata wakula. Amayi amene ali ndi HIV ayenera kuyezetsa chaka ndi chaka, ndiye musabise. Ngati vuto ndi manyazi, pemphani namwino wamkazi, palibe angakudabweni.

Kujambula mawere kumayamba munthu akafika zaka 50, ndipo amaitana zaka 3 zilizonse mpaka afike 71. Koma chotupa sichidikira kalata. Mukamva kabulu m'bere kapena kunkhwapa, nsonga ya bere ikalowa m'kati, mukaona magazi mutakhala malo amodzi ndi bambo, kapena mutasiya kale kusamba, imbani kwa GP sabata yomweyo. Musanene kuti "ndikungomva m'thupi". Tchulani chimene mwaona ndi tsiku limene chinayamba.

Tsono za mapepala. Ku England kulembetsa kwa GP sikufuna pasipoti, viza kapena umboni wa kumene mukukhala, ndipo n'kwaulere. Wapakauntala akakubwezani, bwererani mukafunse manijala. Chimene ndikukanizani ndi kupita kuchipatala pa dzina la mnzanu poti lanu "lili ndi vuto". Zotsatira zanu zikalowa m'failo yake, iyeyo adzatengedwa ngati wodwala kapena ngati ali bwino pomwe sanayezedwe, inuyo kalata yokuitananinso simudzaiona. Mwapha awiri.

Akamberembere nawonso sagona. Uthenga wa pafoni wonena kuti mulipire kuti akusungireni malo okayezetsa ndi wabodza. Kuyezetsa kwa NHS salipiritsa. M'magulu athu a WhatsApp mwadzaza tiyi "wotsuka chiberekero", zofukiza ndi timibulu tolowetsa kumaliseche, pamtengo wa mapaundi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimachotsa HPV. Pempherani ndithu, abusa akusanjikeni manja, koma tsiku la chipatala musalisinthe.

Ndikudziwa chimene chimatidyera masiku amenewa. Foni ya kumudzi imalira: fizi, feteleza, malata, maliro. Umayang'ana shifiti ya maola 12, n'kuyang'ana kalata, n'kunena kuti ndipita mwezi wamawa. Achibale omwewo, mukadzagona m'chipatala miyezi osagwira ntchito, adzadya chiyani? Auzeni kuti ndalama ya sabata ino ichepa, basi.

Ndipo poti mwaimba kale foniyo, afunseni amayi ndi ang'ono anu kuti anayezetsa liti. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri zedi. Zipatala zambiri za boma zimayeza ndi viniga kwaulere, ndipo katemera wa HPV wa atsikana anayamba m'dziko lonse mu 2019. Pa ndalama mukutumizazo, patulanipo ya minibasi yopitira kumeneko, ndipo akabwerako akutumizireni chithunzi cha tsamba la m'buku lawo la kuchipatala.