Njinga ingasenze zigubu zingati za madzi?

Funso: Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, mjigo wa m'mudzi mwathu unakwiririka ndi matope, ndipo madzi tinkakatunga kutali. Dzinja layandikiranso. Kodi njinga yanga yakapalasa ingasenze madzi ochuluka bwanji osathyoka?
Bambo wa ana anayi, Chikwawa

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa mvula isanagwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho zigubu ziwiri za malita 20 ndi makilogalamu 40. Pamsewu wamatope lekezani pomwepo. Pa nthawi ya ngozi munthu amafunika malita osachepera 15 patsiku akumwa, kuphikira ndi kusamba. Ngati pakhomo muli anthu 6, mukufunika malita 90, kutanthauza maulendo atatu.

Musasanjikize zigubu pamwamba pa kaliyala, chifukwa njinga imagwedezeka. Zipachikeni uku ndi uku, motsika, ndipo muzimange zolimba ndi malegeni. Zidzazeni mpaka pakamwa, chifukwa madzi osadzaza amakhuthukira mbali imodzi n'kukugwetsani pokhota.

Chimayamba kugonja ndi gudumu lakumbuyo. Pitani kwa okonza njinga akakunge masipoko, awotcherere kaliyala wachitsulo ngati wa akabaza, aonenso mabuleki. Sungani pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu.

Pamtsetse ndi pamchenga tsikani, muziikankha. Pamadzi othamanga musawoloke, ngakhale akhale olekeza m'mawondo. Mukafika pakhomo, thirani klorini, mudikire mphindi 30 musanamwe, kuti mupewe kolera.