Kusankha Nkhunzi Yaing'ono ya Nyama

Ng'ombe yaikazi imaswa kamodzi pa chaka, ndipo apo ndiye kuti zayenda bwino, pakuti bere lake limatenga miyezi 9 ndi masiku ochepa. Nkhunzi imodzi yokhwima imatha kukwera zazikazi 25 kapena 30 m'chaka chomwecho. Yaikazi ikakhala ndi chilema, imapatsira mwana mmodzi. Nkhunzi ikakhala nacho, chimafalikira khola lonse mpaka makola a anzanu amene mumadyetsera dambo limodzi.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje alimi ambiri amafuna nkhunzi za mtundu wa Brahman kapena zosakanizika, kuti zikwere ng'ombe zathu za Malawi Zebu. Zebu ndi yopirira koma ndi yaing'ono thupi. Brahman inachokera ku America, kumene anaipanga posakaniza ng'ombe za ku India. Ili ndi thupi lalikulu ndipo dzuwa la ku Chigwa cha Shire siliivuta. Koma si nkhunzi iliyonse ya linunda lalikulu ndi makutu olendewera imene ili yabwino.

Yambani ndi m'kamwa, chifukwa kukula kwa ng'ombe sikuweruzika musanadziwe msinkhu wake. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumwamba, ili ndi nkhama zolimba basi. Mmunsi muli mano 8. Oyamba amakhala ang'onoang'ono. Ikamakwana zaka ziwiri, awiri apakati amagweluka n'kumera awiri otambalala, ndipo onse 8 amadzatha kusintha ikafika zaka zinayi kapena zisanu. Wogulitsa akanena kuti nkhunzi ili ndi miyezi 18 koma inu mwaona mano aakulu anayi, dziwani kuti ndi ng'ombe yachikulire yopinimbira.

Kenako miyendo, ndipo apa musafulumire. Nkhunzi imayenda mtunda wautali potsata zazikazi, ndipo pokwera thupi lonse limatsamira pa miyendo iwiri yakumbuyo. Uzani mwini wake aiyendetse pamalo ouma, a fumbi pang'ono, inu muzitsatira pambuyo mukuyang'ana pansi. Nkhunzi yoyenda bwino imaponda chiboda chakumbuyo pomwe paponda chakutsogolo. Chikamaperewera, kapena ikamakhweza phazi, pali vuto m'chiuno kapena m'mawondo. Imani chammbali muone bondo lakumbuyo. Liyenera kupindika pang'ono. Mwendo wowongoka njo umatupa m'mfundo nkhunzi ikayamba ntchito, pomwe wopindika kwambiri kulowa kunsi kwa mimba umachititsa ziboda kutalika mokhota. Zala ziwiri za chiboda zikhale zofanana kukula, zosapingasana. Ambiri amati, “Ikutsimphina pang'ono chabe, ichira.” Mwina ichiradi ngati yalasidwa ndi munga. Koma ngati ndi mmene mwendo unabadwira, palibe jakisoni amene angauwongole.

Thupi la ng'ombe ya nyama likhale lalitali, msana wowongoka, nthiti zotambasuka kuti m'mimba mulowe udzu wambiri. Mukaima kumbuyo kwake, pofufuma kwambiri pakhale pa ntchafu, chifukwa nyama yambiri ili pamenepo. Chenjerani ndi mafuta. Nkhunzi yodyetsedwa madeya kwa miyezi ingapo imasalala, ndipo zilema zambiri zimabisika. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mafuta amaunjikana pa chidali ndi patsinde pa mchira, ndipo mukakanikiza ndi dzanja amafewa. Mnofu ndi wolimba ndipo umaoneka ukusuntha ng'ombe ikamayenda. Malo osanama ndi mwendo wakutsogolo, pamwamba pa bondo, popeza mafuta sakhalapo ambiri. Pakakhala ponenepa, ndi nyama yeniyeni.

Kukula kwa mapewa ndi mutu nakonso kuli ndi malire. Nkhunzi yamapewa otambalala kwambiri ikakwera misoti yaing'ono ya Zebu, ana amatha kukanirira pobadwa, mlimi n'kutaya mwana ndi make yemwe.

Tsopano pali mbali imene ogula ambiri amachita nayo manyazi, chonsecho ndi imene akulipirira ndalama. Machende akhale awiri, ofanana, olimba bwino koma osauma gwa, ndipo aziyenda momasuka m'thumba mwake. Amalendewera kunja chifukwa mbewu imapangika bwino pamalo ozizirirapo kuposa thupi. Amayezedwa ndi tepi pozungulira pamene pali potupa kwambiri, nkhunzi itamangidwa bwino, makamaka mlangizi wa ziweto alipo. Pa mitundu yaikulu ya nyama, akatswiri amafuna masentimita osachepera 30 pa miyezi 15, ndi 34 ikapitirira zaka ziwiri. Brahman imachedwerapo kukhwima, ndipo Zebu yathu ndi yocheperapo, choncho ifananitseni ndi zinzake za mtundu ndi msinkhu umodzi. Chodabwitsa n'chakuti ana aakazi a nkhunzi yamachende aakulu amafulumira kutha msinkhu. Funsaninso ngati inadwalapo posachedwa. Mbewu imatenga pafupifupi masiku 60 kuti ipangike, ndiye nkhunzi imene inatentha thupi mwezi watha ikhoza kumakwera koma osapereka bere.

Pa Brahman onaninso khungu la pamchombo. Likalendewera kwambiri limakolana ndi minga ndi ziputu, ndipo chilonda cha pamenepo chimatha kuthetsa ntchito ya nkhunzi.

Nanga kukula timakuyeza bwanji popanda sikelo? Tepi ya telala ndi yokwanira. Iimikeni ng'ombe pamalo athyathyathya. Yezani kuzungulira chifuwa, kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo ndi linunda. Yezaninso kutalika, kuchokera pa nsonga ya phewa kufika pa fupa losongoka la pambali pa mchira. Chulukitsani muyeso wa chifuwa ndi womwewo, yankholo mulichulukitse ndi kutalika, kenako mugawe ndi 10,840. Mwachitsanzo, chifuwa masentimita 150 ndi kutalika masentimita 130: 150 × 150 × 130 ÷ 10,840 zikupereka makilogalamu pafupifupi 270. Foni iliyonse imatha samu imeneyi. Yankho silifanana ndendende ndi la sikelo, koma mukamayeza mofanana nthawi zonse limakuuzani ngati ng'ombe ikukula.

Kuyeza kamodzi sikukwanira. Tiyerekeze kuti lero ili ndi makilogalamu 180, ndipo patatha masiku 90 yafika 225. Yawonjezera 45, kutanthauza theka la kilogalamu pa tsiku. Nambalayi payokha siuza zambiri, chifukwa mu Seputembala ndi Okutobala msipu ukauma ng'ombe zambiri zimaima kukula, zina kutsika kumene. Yabwino ndi imene ikuposa zinzake zobadwa nyengo imodzi, zodya msipu umodzi ndi kumwa pachitsime chimodzi. Yokulira pa madeya musaiyerekeze ndi yokulira kudambo.

Nkhunzi yolusa isiyeni, ngakhale ikongole chotani. Ukali umapita kwa ana, ndipo kawirikawiri oweta ndi anyamata ang'onoang'ono. Mukagula, musaiunjikire ntchito: ya miyezi 18 ipatseni zazikazi zosapitirira 15 kapena 18. Ana ake aakazi akayandikira kukweredwa, isinthanitseni kapena igulitseni kuti isakwere ana ake omwe.

Zochita: Kambiranani chifukwa chake nkhunzi yonenepa ikhoza kupusitsa wogula. Werengerani kulemera kwa ng'ombe imene chifuwa chake ndi masentimita 140 ndipo kutalika ndi 120. Sabata ino, awiriawiri, kayezeni ng'ombe yofatsa ya m'mudzi mwanu mwini wake alipo, mulembe tsiku ndi miyeso m'kope, ndipo mubwere nalo pa phunziro lotsatira.