Fyuluta siwonjezera kuwala, akuluakulu

Lero ndabwera ndi kamkwiyo. Loweruka lapitali ndinaitanidwa kwa bambo ena amene angogula telesikopu, n'kuitanitsanso fyuluta ya OIII kuchokera ku Johannesburg, ndalama zosati masewera. Tinasonkhana kuseri kwa nyumba, babu la pakhonde lili ngwee, aliyense foni m'manja. Bambowo analozetsa telesikopu ku mlalang'amba wa Andromeda, kusuzumira kamodzi, basi ayamba kutukwana wogulitsa kuti wawabera. Palibe anawabera. Safunsa anadya phula.

Fyulutayi ili ngati sefa ya ufa: imachotsa misere, koma siwonjezera ufa ngakhale supuni imodzi. Inapangidwira nebula, mtambo wa mpweya umene umawala mwa mitundu yochepa chabe. Okosijeni wake amawala pa manambala 496 ndi 501 nanomita, haidrojeni pa 486. Fyuluta ya OIII imalola okosijeni yekhayo kudutsa, ya UHC imalola onse awiri, kwinako kuwala kumatsekeredwa kunja. Thambo limada bii, nebula n'kutsala poyera. Tsono Andromeda ndi nyenyezi mabiliyoni, zowala mitundu yonse. Mukaika fyuluta mwangoizimitsa. N'chimodzimodzi ndi Nsangwe. Zimenezo yang'anani ndi galasi lopanda kanthu.

Zomanga fyuluta sinditayapo nthawi, ili ndi mazinga, mumangoimanga kunsi kwa galasi loyang'anira. Kungoti onani saizi, pali ya mainchesi 1.25 ndi ya mainchesi 2.

Nkhani yanga ili pa maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu, koma anthu a masiku ano kudekha kunawathawa. Diso limafuna mphindi 20 mpaka 30 mumdima kuti lizolowere. Inu mwakhala mphindi 15, foni yalira, mwayang'ana WhatsApp, zonse zija zapita, muyambirenso. Ndaonapo mnyamata, diso limodzi pa telesikopu, lina pa zigoli za mpira, akudandaula kuti sakuona kanthu. Uona bwanji, achimwene? Fyuluta yadula kale kuwala kochuluka, kotsalako n'kochepa, ndiye iwe ukubwera ndi diso lothobwa. Walira mvula walira matope: wagula fyuluta, wagulanso mdima ndi kukhala pansi. Foni ilowe m'thumba. Ngati mukufuna tochi, ikhale yofiira, yozilala. Ndipo pemphani a m'nyumba azimitse babu lija. Akuba sabwera inu muli panja pomwepo.

Tikadali pa kudekha, kuwala kobiriwira kumene fyuluta ya OIII imalola kudutsa kunazunguza akatswiri. William Huggins anakuona mu 1864 m'nebula yotchedwa Cat's Eye, anthu n'kumati ndi chinthu chatsopano chosapezeka padziko pano. Anadikira mpaka 1927 pamene Ira Bowen anasonyeza kuti ndi okosijeni yemweyu. Zaka 63 anthu akudekha ndi funso limodzi, inu mphindi 20 zikukukanikani.

Tibwerere. Fundani chitenje kumutu ndi kugalasi loyang'anira. Aneba aseka, sekani nawo. Fyulutayi imanyezimira, ndipo kuwala kolowera m'mbali kumakubwezerani chithunzi cha diso lanu lomwe. Mukafunda, musaiyang'ane nebula tong'o. Ponyani diso pambali pang'ono, chifukwa m'mphepete mwa diso ndi momwe mumagwira kuwala kofooka. Khalani pamenepo, pumani bwino, gogodani telesikopu pang'ono kuti igwedezeke. Muona kautsi kotuwa kakutuluka, kenako timizere, kenako mpata wakuda pakati. Musayembekezere zofiira ndi zapinki za pa Facebook. Zija ndi makamera, ambiri ndi fyuluta ya H-alpha, ya 656 nanomita, imene diso la munthu usiku silithana nayo. Ena amathamangira kugula imeneyo chifukwa cha zithunzi, chikomekome cha mkuyu.

Ena ndiye a dyera la kukulitsa. Amatenga galasi lokulitsa kwambiri, ati aone bwino, n'kupeza mdima wokhawokha. Yambani ndi lokulitsa pang'ono. Ndaiwalanso: pezani kaye malowo fyuluta musanaike, chifukwa ikalowa nyenyezi zokulondolerani zimazilala. Wosadziwa woti agule ayambe ndi UHC. Ya H-beta, ya haidrojeni yekha, isiyeni kaye, imagwira pa nebula zochepa monga Horsehead, yomwe imafunanso telesikopu yaikulu ndi thambo la kumudzi.

Chimandiwawa n'chakuti tili ndi thambo limene anzathu aku Ulaya amalikwerera ndege. Nebula ya Carina, kum'mwera, imakwera bwino madzulo kuyambira February mpaka May, ndipo ku London saiona n'komwe. Nebula ya Tarantula ili kunja kwa mlalang'amba wathu, kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike kuno, koma ndi OIII imaoneka miyendo yake. Pafupi ndi Akamwiniatsatana pali nebula ya Orion, yosavuta, ndiye poyambira ana. Nthawi yozizira Lagoon imadutsa pafupifupi pamutu penipeni. Veil, imene William Herschel anaipeza mu 1784, popanda fyuluta mungalumbire kuti palibe. Komabe sankhani usiku wopanda mwezi, ndipo utsi wa moto wolusa wa mu September ndi October palibe fyuluta imauchotsa. Mababu oyera a LED nawonso amadutsako ndithu, kusiyana ndi achikasu akale aja, choncho magetsi akazima musamangodandaula, tulutsani telesikopu.

Kwa inu opukuta fyuluta ndi malaya mutaipumira mpweya, lekani, mukupala utoto umene munaulipira. Igwireni m'mbali, fumbi muliuluze ndi kapampu, ibwerere m'kabokosi kake. Ndipo wina asayerekeze kuyang'ana nayo dzuwa poti ikuoneka yakuda. Siteteza n'komwe, diso limapsa nthawi yomweyo, ndipo silichira. Masana telesikopu ikhale yotseka, kutali ndi ana.