Yamba ndi mpira, munthu adzabwera pambuyo

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera ku Mualadzi, konkuno ku Chifunde. Mnyamata wa ku sekondale akuti anaonera Supa Team 4 pafoni ya msuweni wake ku Katete, ndiye akulakalaka kupanga makatuni otere. Ndalama yogulira pulogalamu alibe. Ayambire pati, akatswiri?

Katswiri: Mphwanga, za ndalama zisakusowetse tulo. Pali Blender, yomwe yakhala yaulere kuyambira 2002. Usaiderere poti ndi yaulere: filimu ya Flow ya ku Latvia, yomwe inapata Oscar mu 2025, anaipangira momwemo. Ndipo ntchitoyi si ya azungu okha. Supa Team 4 waitchulayo anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, pomwe kwathu kuno Nildo Essá anatulutsa Os Pestinhas e o Ladrão de Brinquedos mu 2013.

Koma ndikudziwa, ukufuna tsiku loyamba lomwelo upange munthu wovina. Ayi. Yamba ndi mpira. Dina Shift ndi A, sankha UV Sphere. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24. Pa chithunzi 1 ika mpira m'mwamba, udine I kuti kompyuta isunge malowo. Pita pa 12, dina G kenako Z, uutsitse pansi, udinenso I. Pa 24 ubwezere m'mwamba. Zapakatipo kompyuta idzaza yokha.

Ukauseweretsa udzakhumudwa, mpira ukuyandama ngati nthenga ya nkhuku. Apa ndiye zimitsa kompyuta, tuluka panja, ugwetse mpira weniweni pabwalo kakhumi konse. Udzaona kuti ukamatsika liwiro limawonjezeka, pansi suchedwapo, pamwamba umakhala ngati ukupuma kaye, ndipo ukanjanja kachiwiri sufika pomwe unafika poyamba. Bwerera, tsegula Graph Editor, mzere wa pa 12 uusongole ngati V. Sabata yathunthu pa mpira womwewo si kutaya nthawi.

Woulutsa: Kalata ina ndi ya aphunzitsi a ku Cassacatiza. Laputopu yawo ndi yakale, magetsi ndi a sola, ndipo batire limatha kanema asanamalizike kutuluka.

Katswiri: Pepani aphunzitsi, zinandichitikirapo inenso, usiku wonse unapita pachabe. Musamatulutse kanema mwachindunji. Uzani Blender izisunga chithunzi chilichonse pachokha ngati PNG. Moto ukathera pa chithunzi 140, mawa mudzapitiriza pa 141, n'kudzazilumikiza pomaliza. Sankhaninso EEVEE m'malo mwa Cycles, imafulumira kwambiri, ndipo poyeserera tsitsani kukula kwa chithunzi pa 50 peresenti. Mukapita ku Tete mukagule mbewa ya kompyuta yokhala ndi kagudumu pakati, chifukwa kagudumuko ndi komwe mumazungulirira chinthu mu Blender. Ctrl ndi S muzidina pafupipafupi kuti ntchito isungike, musadikire kuti mumalize.