Ndalama za ku Joni kapena choko cha ku Ntaja?

Lero tikuyankha mnyamata wa ku Ntaja amene anamaliza maphunziro pa koleji ya aphunzitsi ya Machinga. Achimwene ake ali ku Johannesburg ndipo amupezera ntchito ya m'sitolo ya malipiro abwino. Koma iye mtima wake uli pa ana a Sitandade 2.

Mphwanga, usachite manyazi kufuna ndalama. Chimanga, fetereza ndi fizi sizigulidwa ndi chikondi cha ntchito. Koma tenga pepala, ulembe malipiro a ku Joni, uchotsepo lendi, thiransipoti, chakudya ndi mtengo wa zikalata zogwirira ntchito. Chotsalacho ndicho malipiro ako enieni. Popanda zikalatazo, udzagona ndi mantha tsiku lililonse.

Kenaka dzifunse za uphunzitsi. Boma limachedwa kulemba aphunzitsi atsopano. Kodi ungapirire podikira, ukuphunzitsa pa sukulu yomwe si yaboma kapena kulima mpunga ku dambo?

Kumbukira kuti Alleluya Band inayamba ku Balaka mu 1978 ndi achinyamata okonda kuimba, Paul Banda ali patsogolo. Luso limene ankalikondalo linadzakhala ntchito yawo.

Mapanga awiri avumbwitsa. Khala pansi ndi amayi ako ndi amalume ako, sankha chimodzi, udzipatse zaka ziwiri, kenaka uunikenso. Ngati mwana akawerenga dzina lake koyamba mtima wako umadumpha, chimenecho usachipeputse.